Nyale Yoyaka Masana

Ana anga, ndi inu adzukulu amene mudzawerenge izi mukadzakula, mwandifunsa kangapo chifukwa chake pa 24 Okutobala ndimalawirira kusukulu n'kukakhala pa benchi ya kutsogolo, padzuwa lonse lija, pamene anzanga opuma pantchito amangomvera pa wailesi ali pakhonde. Pakamwa sindinakuyankheni bwino. Mukundidziwa, kulankhula si mbali yanga. Kuyambira ndili mtsikana wa sukulu ku Katete, zimene zinkandikanika kunena ndinkazilemba m'kabuku, ndipo timabuku timeneto tinadzaza katoni yathunthu mpaka chiswe chinatipeza. Choncho ndikulemba za m'mutu, ndipo pamene ndaiwala ndinena kuti ndaiwala.

Za ubwana wanga ndinena chimodzi chokha. Tsiku limene dziko lathu linalandira ufulu, pa 24 Okutobala 1964, ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Aphunzitsi anandisankha kuti ndinene mawu ochepa pamaso pa makolo, chifukwa ndinkaloweza msanga. Anandikweza pa tebulo. Nditaona nkhope zonse zija, mawu anathawa. Ndinangoyang'ana zala za kumapazi kwanga mpaka aphunzitsi anandinyamula n'kunditsitsa. Kuchokera pamenepo ndinatsimikiza mumtima kuti ndidzagwira ntchito yosafuna kuima pamaso pa gulu. Ndinasankha unamwino.

24 Okutobala 1977

Malo anga oyamba anali kachipatala kakang'ono kuno kuchigwa, kutali ndi msewu waukulu, kumene midzi ndi masukulu umafikako wapansi kapena pa njinga. Ndinatsika mapiri pa lole yonyamula mbewu ya thonje, nditakhala pamwamba pa matumba, sutikesi ili pamiyendo. Kwathu kumtunda Okutobala amatentha, koma kutentha kwa kuno ndinali ndisanakumvepo. Mphepo inkawomba ngati ikuchokera mu uvuni, nyenje zikulira mpaka makutu kuwawa. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti pakati pa fumbi lonselo mitengo inali itayamba kale kuphuka timasamba tanthete, mivunguti itavala maluwa ake ofiira, pamene mvula inali isanadonthe n'kamodzi komwe.

Ndinapeza chipatala chotseka. Ndinakhala pa sutikesi yanga pakhonde, ndikuchita manyazi kufunsa aliyense, mpaka kunatulukira bambo wamfupi wovala kabudula, thukuta lili kamukamu, wezulo ili m'khosi. Anali a Chanda, mkulu wa chipatalacho, amene anakhala bwana wanga zaka zambiri. Kwawo kunali kumpoto, Chinyanja chawo chinali chosakaniza ndi Chibemba, ndipo masanawo anali akuimbira mpira wa tsiku la ufulu kusukulu.

"Ba Sista, mwasankha tsiku labwino," anatero akulimbana ndi loko. "Tsiku ndi limodzi koma maphwando ndi atatu. Loyamba ndi la ufulu, lachiwiri ndi la mayiko onse, lachitatu ndi la kubwera kwanu."

A Chanda ankakonda wailesi ndi mbiri yakale kuposa chakudya. Asanandionetse ngakhale kabati ya mankhwala, anandifotokozera kuti pa tsiku lomweli mu 1945, nkhondo yaikulu itangotha, mayiko anayambitsa bungwe lawo lalikulu losungitsa mtendere. Kenako anafika pa nkhani imene ankaikonda koposa. Mu 1964 anyamata athu anapita ku masewera a Olimpiki ku Japan dziko likadali ndi dzina lakale, ndipo tsiku lotseka masewerawo linagwa pa 24 Okutobala pomwe, choncho analowa m'bwalo ali a Northern Rhodesia n'kutuluka ali a Zambia. Nkhani imeneyi ankainena chaka chilichonse ndi mawu omwewo, ndipo ankaimaliza poguba pakhonde ngati mmodzi wa anyamatawo, chifuwa patsogolo. Tsiku limenelo ndinaseka nditagwira pakamwa, ndipo mantha amene ndinatsika nawo mapiri anachepako.

1978 mpaka pakati pa 1984

Zaka zimenezi zinali za kusowa. Sopo, mafuta ophikira, shuga, mabandeji, zonse zinkabwera mwa apo ndi apo. Majakisoni tinkawawiritsa pa mbaula, ndipo singano zikabuntha tinkazinola pa mwala. Mvula ikayamba, mitsinje inkadzaza, msewu n'kusanduka matope, galimoto n'kudzaionanso mu Epulo kapena Meyi. Chimene sunalandire mvula isanagwe, unkangochiiwala. Chikunda, chilankhulo cha kuno kuchigwa, ndinachiphunzira pang'onopang'ono kwa amayi a kusikelo, amene ankandiseka kuti ndimalankhula ngati ndikuopa kudzutsa mwana. Kuphunzitsa gulu za umoyo inali ntchito ya a Chanda. Ine ndinkayeza ana, kulemba makhadi ndi kuthandiza amayi pobereka. Tinagawana bwino. Chaka china ananditumiza kwa miyezi ingapo ku Mfuwe, kufupi ndi bwalo la ndege, kumene ndinaona alendo odzaona nyama akumwa madzi oundana pakati pa chilimwe, koma phokoso la kumeneko silinandiyanje ndipo ndinapempha kubwerera. Atate anu tinali tisanakumane.

M'zaka zimenezi ndi mmene ndinadziwana ndi amake Yelesani. Ankakhala m'mudzi woyandikana ndi chipatala, mayi wamtali, wamawu aakulu, wosiyana ndi ine pa chilichonse. Mwana wawo Yelesani anali atayamba kale kuthamangitsa nkhuku pamene anabwera naye thupi likutentha. Tinkayesa malungo. Kutentha kunatha, koma mwendo wakumanzere sunadzukenso. Unangolendewera, kenako n'kuyamba kufota. Inali poliyo. Amake anandifunsa ngati kuli jakisoni wobwezera mwendo, ndipo ndinawauza kuti kulibe, koma kuli madontho amene mwana akalandira asanadwale, matendawa samugwira. Anandifunsa kuti nanga madonthowo ali kuti. Katemera ankabwera ndi galimoto ya ku boma kamodzikamodzi, ndipo kawiri konse tinaitana amayi galimotoyo osafika. Amayi a midzi yakutali, amene ankadutsa m'njira za njovu ana ali kumsana, anayamba kunena kuti achipatala amaitana anthu kuti angowaona nkhope.

Mvula itatha mu 1984 tinalandira filiji yathuyathu. Inali yoyendera palafini, yoyera, ndipo pachitseko pake panali chizindikiro cha bungwe la mayiko lija. A Chanda anati ndiye kuti nayonso tsiku lake lobadwa ndi 24 Okutobala. Kunsi kwake kunali kathanki ndi kanyale ka chingwe ndi galasi. Kanyaleko kakamayaka, m'kati mumazizira. Kakazima, katemera amayamba kufa, makamaka madontho a poliyo amene sapirira kutentha. Choopsa n'chakuti masiku amenewo katemera wakufa sankaoneka ndi maso. Botolo linali lomwelo, mtundu womwewo. Filijiyo tinaiika m'kachipinda ka m'kati komwe odwala sankalowa, ndipo kunja kwa ife awiri panalibe amene ankadziwa mmene imagwirira ntchito.

Muyenera kudziwa chimene palafini anali panthawiyo. Ankasowa kuposa shuga. M'midzi anthu ankayatsa koloboyi kanthawi koyala mphasa basi, ndipo mwana wosiya nyale ikuyaka ankalandira mbama asanafunsidwe n'komwe. Ife tinali ndi chigubu chimodzi cha filiji. Ndinkachisunga kunsi kwa bedi langa, ine mwini ndikumadya kukadali kowala kuti ndisachikhudze.

24 Okutobala 1984

Chaka chimenecho dziko linkakwanitsa zaka makumi awiri, ndipo tinkadziwa kuti midzi yonse idzasonkhana kusukulu kudzaona magule ndi mpira. A Chanda ndi amene anaganiza zoti tipereke katemera tsiku lomwelo. Anati amayi amene anasiya kuyenda ulendo wautali chifukwa cha chipatala adzayendabe chifukwa cha phwando. Unali mwayi womaliza mvula isanatseke njira. Katemera anafika kumayambiriro kwa mwezi, filiji n'kudzaza. Sabata ya phwando, a Chanda anapita ku Chipata kukatenga makhadi ndi mankhwala ena, kuti adzabwerere m'galimoto ya mlendo wolemekezeka wa tsikulo. Ine ndinadzaza kathanki, kamene kankatha sabata yathunthu, ndinadula chingwe bwinobwino mpaka lawi linakhala la buluu, n'kukwera njinga kukaitana amayi khomo ndi khomo. Pagulu sindinkatha, koma pakhomo pa munthu mmodzi ndinkatha.

Panali mwambo wakuti tsiku la ufulu likayandikira, amayi a midzi yapafupi ankabwera kudzasesa kusukulu ndi kuchipatala, kuzira makonde, ndi kupaka laimu makoma ndi miyala ya m'mbali mwa njira. Makiyi ndinasiyira amake Yelesani, amene ankatsogolera anzawo. Panthawiyo anali ndi khanda kumsana, Dailesi, ndipo anali atandichenjeza kale kuti pamzere wa madontho oyamba adzakhala iwo, wina asayerekeze.

Ndinagona m'midzi, m'nyumba za aphunzitsi, chifukwa dzuwa likapendeka njovu zinkatseka njira ya kudambo. Ndinabwerera m'mawa wa tsiku lenilenilo dzuwa litangotuluka. Chipatala chinali mbee ngati chatsopano. Amake Yelesani anandichingamira akumwetulira, laimu akadali m'zikhadabo.

"Mwauka bwanji, aSista? Mwaiona ntchito yathu? Tapaka mpaka kachipinda ka m'kati kaja. Komanso inu munaiwala nyale ikuyaka kunsi kwa chibokosi choyera chija, masana enieni. Ndinakuzimitsirani tsiku lomwe munachoka. Palafini wanu ali chidzazire."

Ndinawathokoza. Sindikudziwa chifukwa chake, koma mawu oyamba kutuluka anali zikomo. Ndinalowa m'kachipindako, ndinatseka chitseko, n'kugwada. Galasi la kanyale linali lozizira. M'filiji munali mofunda ngati m'kabati ya zovala, madzi oundana atasungunuka kalekale, timabotolo tili m'madzi. Ndinayatsanso kanyaleko ngakhale ndinkadziwa kuti kuzizira sikudzutsa katemera amene wafa. Kusukulu ng'oma zinali zitayamba, ndipo pazenera ndinkaona amayi akutulukira m'njira zonse, ana kumsana, makhadi atawakulunga m'nsalu. Ambiri a iwo ndinali nditakhala pamphasa zawo sabata yomweyo, ndikuwalonjeza kuti ulendo uno sabwerera chabe.

A Chanda anafika cha m'ma naini awazi atavala tayi. Nditawaonetsa, anakhala pa katoni. Kenako analankhula motsitsa mawu. Anati madontho ofunda sangavulaze mwana, ndipo mwina ena akadali ndi kamphamvu, palibe angadziwe. Anati amayiwa tawabweza kawiri, tikawabweza kachitatu sadzabweranso ngakhale titawaitana ndi ng'oma. Anatinso mlendo wabwera ndi mawu olemba kale, ndipo tsamba lathunthu ndi la katemerayu. Sankalankhula ngati munthu woipa. Ankaopa chimene inenso ndinkaopa.

Ndinawayankha kuti chimene chikundiopsa si dontho koma khadi. Mwana amene tamulembera kuti walandira, amake amagona mtima uli m'malo, ndipo amene tamulembera madontho omaliza sabwera nayenso. Tikanawabweza kwawo ndi makhadi odzaza, miyendo ya ana ili yosatetezeka, mvula n'kutseka njira kumbuyo kwawo.

Anati ndiye tingonena kuti katemera sanafike. Ndinawakumbutsa kuti amayi anaona makatoni akutsitsidwa, ndipo ena anathandiza kunyamula.

"Nanga awauza ndani, ba Sista? Ine sindingaime pamaso pa bwana uja n'kunena kuti chipatala changa chaphika katemera. Inu mungathe?"

Anafunsa ngati munthu wodziwa kale yankho, chifukwa zaka zonsezo anali asanandimvepo ndikulankhula kwa anthu oposa atatu. Ndinati ndiyesa.

Kusukulu mbendera inakwera, nyimbo ya fuko inaimbidwa, ana anaguba mozungulira bwalo fumbi lili koboo. Kenako aphunzitsi aakulu analengeza kuti aSista ali ndi mawu okhudza katemera, ndipo popeza ndine wamfupi, anandibweretsera benchi kuti ndikwerepo. Nditakwera, zinachitika monga kale. Nkhope zinachuluka, maso anga anatsikira ku nsapato zanga zoyera. Sindikudziwa kuti ndinakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Koma kutsogolo kwa nsapatozo, pansi, panakhala Yelesani, ndodo yake ataiika pamiyendo. Anali atakhala pamenepo kuti aone bwino anzake akuguba. Anandiyang'ana, akudikira. Ndinayerekeza kuti ndili pakhomo pa munthu mmodzi, ndipo ndinalankhula kwa iye.

"Amayi, amene ndinakuitanani ndine. Katemera anabweradi, koma wafa. Amakhala ndi moyo chifukwa cha kanyale kamene kamayenera kuyaka usana ndi usiku kunsi kwa filiji, ndipo kanyaleko kanazima. Ndikakupatsani lero, ndikupatsani madzi. Sindilemba khadi la mwana aliyense. Ndikukupemphani kuti mudzabwerenso."

Akumbuyo sanamve, choncho aphunzitsi aakulu anabwereza mokweza, m'Chikunda. Pamenepo phokoso linabuka. Mayi wina wa kutsidya kwa mtsinje, amene anabwera ndi mapasa, wina kumsana wina pachifuwa, anaimirira. Anati ananyamuka nkhuku zisanatsike, anapatukira njovu kawiri, ndipo iwo si mbuzi zoti tiziitana ndi kubweza mmene tafunira. Anati nyale sizima yokha m'chipinda chotseka, ndiye tinene amene anazimitsa. Ndinayankha kuti inazima ine kulibe, ndipo ndinalekera pomwepo. Ndinali nditatsimikiza kuti dzina silituluka pakamwa panga. Maso anga ndinawaletsa kuyang'ana kumene kunakhala amake Yelesani.

Koma anaimirira okha. Nkhope yawo inali itasintha, ngati munthu amene waponda minga n'kuzindikira kuti anaitaya panjira ndi iye mwini.

"Musawazunze aSista. Ndinazimitsa ndine, ndi pakamwa panga pano. Ndinaona nyale ikuyaka masana, ndinati mwana wa eni waiwala, palafini akutha pachabe." Anamasula nsalu n'kumubweretsa Dailesi kutsogolo. "Woyamba wanga ndi uyo mukumuona pansiyo. Uyu ndamuphera mankhwala ndekha. Ine ndidzabweranso. Wofuna kutukwana atukwane ine."

Kenako mayi wina wachikulire ananena ali chikhalire kuti mwana aliyense woleredwa bwino akanazimitsa, ndipo iye akanazimitsa n'kubisanso machesi. Wina kumbuyo anakuwa kuti ndi mpweya umene ali nawo amake Yelesani, tithokoze kuti filijiyo sinagwe. Anthu anaseka, poyamba pang'ono, kenako bwalo lonse. Amake Yelesani sanaseke, koma anakhala pansi, ndipo mnzawo wapafupi anawakonzera duku. Nkhani inali itachoka m'manja mwa boma n'kukhala ya pakati pawo, ndipo amayi anayamba kufunsana za tsiku lobwereranso ine ndikadali pa benchi.

Si onse anaseka. Amake mapasa anamanga ana awo n'kunyamuka magule asanayambe, ndipo amayi ena a kutsidya anawatsatira. Mlendo wolemekezeka anadumpha tsamba limodzi la mawu ake. Masana a tsikulo a Chanda anaimbira mpira monga mwa nthawi zonse, koma nkhani ya ku Japan chaka chimenecho sanainene.

Novembala 1984

M'mawa mwake a Chanda anandipeza ndikutaya madzi a m'filiji. Anaima pakhomo n'kunena kuti apita okha kukapempha katemera wina, ndipo ku ofesi akanena kuti mkulu wa chipatala ndi iwo, choncho mlandu ndi wawo. Galimoto ya boma kunalibe. Koma inali nthawi imene makampu a alendo odzaona nyama ankatseka poopa mvula, ndipo lole ya kampu ina inkapita ku Chipata ulendo womaliza. Dalaivala wake, a Sakala, ndinali nditathandiza akazi awo pobereka chaka chomwecho. Anavomera kunyamula a Chanda, ndipo akukhitchini ya kampuyo anatipatsa madzi oundana odzaza bokosi. Zimene anawauza ku ofesi a Chanda sanandifotokozere. Anangoti makutu awo akadali otentha. Anabwerera ndi katemera wocheperapo kuposa woyamba, mitambo itayamba kale kusonkhana kumapiri.

Ulendo wachiwiri woitana amayi sindinayende ndekha. Amake Yelesani anati anayambitsa ndi iwo, amaliza ndi iwo. Ine ndinkakankha njinga, iwo akukuwa kuyambira kumalire a mudzi kuti wozimitsa nyale uja wafika, tulukani mumuone. Anthu ankatuluka akuseka, ndipo akatuluka tinkawauza tsiku.

Anabwera ambiri, ngakhale sanafike pa gulu la tsiku la ufulu. Dailesi anali woyamba pamzere. Amake anamufinya timasaya, ine n'kudontheza, iye n'kukwinya nkhope n'kumeza. Ndinalemba khadi lake dzanja lili phee. Sabata yomweyo mvula inagwa, ndipo msewu unatsekeka.

Amake mapasa sanabwere. Dzinja lonse limenelo, ndikamva mtsinje ukulira, ndinkaganiza za timiyendo tinayi tija kutsidya, ndipo nthawi zina ndinkadzifunsa ngati a Chanda sananene zoona, kuti mwina m'timabotolo tija munali kamphamvu kamene ndinawamana. Funso limenelo palibe anandiyankha mpaka lero. Madzi atangophwa mu Meyi ndinawoloka ndi katemera m'fulasiki. Ndinawapeza ana onse awiri ataimirira, atagwira mtondo. Amawo sanandipatse moni kapena mpando. Koma anagwada, n'kuwatsegula pakamwa okha, mmodzi kenako mnzake.

Kuyambira chaka chimenecho amake Yelesani ankabwera m'mawa ndi madzulo kudzasuzumira kanyale kaja, popanda wowatuma ndi popanda malipiro. Anaphunzira kudula chingwe kuposa ine, ndipo lawi likachita chikasu ankandikalipira ngati mwana. Mudzi wonse unawatcha aNyale, dzina limene linawatsatira mpaka kumanda. Patapita zaka tinalandira filiji ya sola, ndipo sanaikhulupirire. Ankati chinthu chopanda lawi udziwa bwanji kuti chili moyo.

24 Okutobala 2024

Zotsala mukuzidziwa. Ndinakwatiwa ndi atate anu, amene anabwera kudzaphunzitsa pa sukulu yomwe ija. A Chanda anasamutsidwa kubwerera kumpoto, ndipo tinamva za imfa yawo mochedwa. Ine ndinagwira m'zipatala zina ziwiri za m'chigwa chino mpaka ndinapuma mu 2010. Kwathu kumtunda sindinabwerere. Kutentha kumene ndinkakuopa kunandilowa m'mafupa.

Chaka chino dziko lakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi. M'mawa, ndikumanga duku, mdzukulu wanga Taonga anali pa foni, akuwerenga zinthu zimene zinachitika pa tsiku la lero kuti akanene kusukulu. Ufulu anaupeza, bungwe la mayiko analipeza, ndipo anyamata a ku Japan ndinamuuza ndine asanawafike. Kenako anakweza mutu.

"Ambuya, mumadziwa kuti lero ndi tsikunso lokumbukira nkhondo yolimbana ndi poliyo padziko lonse?"

Sindinkadziwa. Ndinamupempha kuti awerengenso, ndipo anawerenga. Ndinakhala pa bedi, duku lili m'manja. Ndinalakalaka a Chanda akanakhalapo kuti awerengenso maphwando awo, n'kuguba pakhonde. Ndinalakalakanso aNyale, amene akanati azungu achedwa, ife tsikulo tinalisunga kale.

Kusukulu ndinapeza Yelesani atandisungira malo pa benchi ya kutsogolo. Tsopano ndi bambo waimvi, amasoka nsapato m'mbali mwa msewu wopita ku bwalo la ndege, ndipo nsapato zanga salola kuti wina azikhudze. Dailesi anafika mochedwa, akupalasa njinga kuchokera ku loji ya alendo kumene amaphika, n'kutsika njingayo isanaime, monga amachitira nthawi zonse. Anandigwira m'manja n'kufunsa kuti mwaswera bwanji aSista, ngakhale kunali kusanafike masana, kenako anandiloza mwana wake wamkazi womaliza, amene anali mumzere wachiwiri wa oguba.

Ng'oma italira, anthu onse anaimirira n'kukweza maso ku mbendera. Inenso ndimaikonda mbenderayo, ndipo ndinaiona ikukwera koyamba ndili pa tebulo, ndilibe mawu. Koma yankho la funso lanu ndi ili. Ndimakhala kutsogolo chifukwa kumbuyo umangoona mitu. Ana akayamba kuguba, ine ndi Yelesani timayang'ana pansi, m'fumbi, pamene pakudutsa miyendo. Mzere womaliza utadutsa chaka chino, anagogoda pansi ndi ndodo yake n'kunditembenukira.

"Yonse ndi iwiri-iwiri, aSista," anatero.